Adamudzoza ndani? Funso la amalume ndi mbiri ya omanga ukwati

Nditafika kumudzi pa holide yapitayi ndinapeza pakhomo pali nkhani. Kwathu ndi kwa Mwambo, cha kumsewu wa ku Kachulu, kumene fungo la matemba limakulonjera usanaione nyanja ya Chilwa. Achemwali anga anali atapeza banja. Mwamunayo ndi wa geni ya nsomba, amapikula padoko n'kukagulitsa ku Zomba ndi ku Limbe, ndipo panalibe amene anali naye chifukwa. Chimene chinavuta ndi tchalitchi chake. Amapemphera mu mpingo wina watsopano umene umasonkhana m'kalasi Lamulungu, ndipo m'busa wake ndi mnyamata amene zaka zitatu zapitazo ankatchaja mafoni pamsika. Achemwali anafuna kuti iyeyo ndiye amange ukwati wawo.

Amalume, omwe ndi mwini mbumba komanso mkulu wa mpingo ku CCAP, anangofunsa funso limodzi: "Kodi mwana ameneyo adamudzoza ndani?" Atatero anatembenukira kwa ine. "Iwe ndiwe uli ku Chanco. Tatiuza, pepala limene angalembe ameneyo lingaime kukhoti?"

Ndinangoti kukamwa yasa. Nditabwerera ku Chirunga ndinayamba kuwerenga, poti safunsa adadya phula, ndipo ndinapeza kuti funso la amalume ndi lakale kwambiri. Akhala akukanganirana mafumu, amishoni, atsamunda ndi aphungu kwa zaka zoposa 120.

Tiyambire kumudzi. Kuno kumadzulo kwa Chilwa, Anyanja, Ayao ndi Alomwe tonse timatsata mtundu wa kuchikazi, ndipo mwamuna amakamanga kwa mkazi. Mpingo usanabwere ukwati unalipo kale, ndipo oumanga adali ankhoswe. Mnyamata akafunsira mbeta, akwawo ankapita kukaonekera kwa amalume a mtsikana. Mbali iliyonse inkasankha nkhoswe yake, n'kupatsana tambala ndi thadzi pamaso pa anthu, ndipo kuyambira tsiku limenelo mudzi wonse unkadziwa kuti awa ndi banja. Nkhoswe sadzozedwa mafuta ndipo sapita kusukulu ya unkhoswe. Mphamvu yake imachokera poti adzapezeka. Banja likagwedezeka usiku amagogoda kwa iye. Mwana akadwala amauza iye. Maliro akagwa, iye ndiye amayamba kuyankhula, ndipo ukwati ukatha amakhala pabwalo mpaka katundu atagawidwa. Mboni, mlangizi ndi kaundula zonse zidali mwa munthu mmodzi.

Chimene chinandidabwitsa n'chakuti ngakhale ku Ulaya m'busa adalowa mochedwa pa nkhani ya ukwati. Kwa zaka mazanamazana Akhristu kumeneko ankatengedwa kuti ndi okwatirana akangolonjezana awiriwo, kaya wansembe alipo kaya palibe. Mpingo wa Katolika udasintha zimenezi mu 1563 pa msonkhano wa ku Trent, pamene udalamula kuti ukwati uzichitika pamaso pa wansembe wa parishi ndi mboni. Ku England lamulo lotere lidabwera mu 1753, ndipo achinyamata othawa makolo adayamba kuolokera ku Scotland, pamudzi wa Gretna Green, kumene ngakhale wosula zitsulo ankatha kuchitira umboni ukwati. Mu 1836 England idaloleza ukwati wa ku ofesi ya boma, wopanda pemphero. Ku Scotland ukwati wongolonjezana pamaso pa mboni udali wovomerezeka mpaka 1940. Tangoganizani. Amishoni a ku Scotland amene ankaphunzitsa agogo athu ubwino wa ukwati woyera adachokera kudziko kumene lamulo silinkafuna m'busa kuti ukwati ukhalepo.

Amishoni amenewa adatsegula Livingstonia mu 1875 ndi Blantyre mu 1876, kenako Domasi mu 1884, kuseri kwa phiri lathu la Zomba. Akhristu adachuluka msanga, aphunzitsi ndi alaliki achikuda nawonso adachuluka, koma ubatizo, mgonero ndi kudalitsa ukwati zidakhalabe m'manja mwa azungu. David Clement Scott, amene adatsogolera mishoni ya Blantyre kuyambira 1881, adayesa kutsegula khomo m'zaka za m'ma 1890 posankha madikoni achikuda, koma azungu anzake ambiri sadakondwe nazo. Zidatenga zaka 35 kuti Blantyre idzoze abusa ake oyamba achikuda, Harry Kambwiri Matecheta ndi Stephen Kundecha, mu 1911. Livingstonia idadikira mpaka 1914 kuti idzoze Yesaya Zerenje Mwasi, Hezekiya Tweya ndi Jonathan Chirwa. Charles Domingo, amene adamaliza maphunziro a ubusa kalekale iwowa asanadzozedwe, adadikira mpaka kutopa, n'kutuluka mu mpingowo. Ku Nkhoma m'busa woyamba wachikuda, Andreya Namkumba, adadzozedwa mu 1925. Akatolika adadzoza wansembe woyamba wa dziko lino, Cornelius Chitsulo, mu 1937. Aanglikani ndiwo adafulumirako: Yohana Abdallah adakhala wansembe mu 1898 n'kutumikira ku Unangu, m'dera la Niassa ku Mozambique, ndipo Leonard Kamungu adatsatira mu 1909.

John Chilembwe sadadikire pamzere umenewu. Adapita ku America ndi Joseph Booth mu 1897, adaphunzira ku Lynchburg m'chigawo cha Virginia, adadzozedwa ndi Abaptisti achikuda, ndipo mu 1900 adabwerera kudzayamba Providence Industrial Mission ku Mbombwe, m'boma la Chiradzulu. Matecheta asanavale kolala, Chilembwe adali atabatiza anthu kwa zaka khumi. Nkhondo ya mu January 1915 itatha, boma la atsamunda lidayamba kuyang'ana ndi diso lofiira mpingo uliwonse wopanda mzungu pamwamba. Nthawi imeneyo funso lakuti adamudzoza ndani lidali ndi tanthauzo lina. Linkatanthauza kuti, kodi pali mzungu amene akumuyang'anira? Ndinawauza amalume zimenezi mwaulemu, kuti funso lawo lidagwirapo ntchito yotsekereza anthu ngati iwo omwe.

Boma nalo linali ndi mbali yake. Mu 1902, dziko lino likadatchedwa British Central Africa, ku Zomba kudatuluka lamulo la ukwati lotengera la ku England. Ukwati wa pansi pa lamulo limeneli unkachitikira ku ofesi ya boma kapena m'tchalitchi chokhala ndi chilolezo, pamaso pa m'busa wodziwika ndi mboni ziwiri, zitseko zili zotsegula. Udali wa mkazi mmodzi, wokwatira wachiwiri ankayembekeza ndende, ndipo kuuthetsa kudali kwa khoti lalikulu lokha. Kwa mlimi wa kwa Jali kapena msodzi wa pa Chisi, khoti lalikulu lidali kutali ngati kumwezi. Mu 1912 adayesa lamulo lapadera la Akhristu achikuda, koma silidakhalitse. Mipingo yokha siinkamvana, pakuti Akatolika ndi Aanglikani sankalola kutha kwa banja pamene Apresibeteriyani ankalola pa mlandu wa chigololo. Akuluakulu a boma nawo sankafuna kudzaza ndende ndi amuna amitala.

Mgwirizano udapezeka mu 1923, ndipo ndi lamulo limeneli limene lidaumba ukwati wa kutchalitchi umene ambirife tidakulira. Lidalola m'busa kudalitsa ukwati wa anthu achikuda ndi kuulemba m'buku, koma lidanenetsa kuti mwambo wa m'tchalitchiwo susintha chilichonse pa ukwati wa chikhalidwe, ndipo subala zotsatira zina pamaso pa lamulo. Kunena kwina, chovala choyera, mphete ndi kwaya zidali za Mulungu ndi mpingo. Za ana, munda ndi kusudzulana zidatsalabe kwa ankhoswe ndi bwalo la mfumu. Makhoti a makolo m'madera a chikamwini ankayamba ndi funso lakuti ankhoswe ndani, ndipo popanda ankhoswe ankaona kuti panalibe ukwati, chidali chibwenzi chabe.

Anganga ali ndi satifiketi yawo m'sutikesi yachitsulo, pamodzi ndi makadi a chipani ndi buku la nyimbo. Adakwatiwa mu 1968, ndipo chakacho saiwala chifukwa ndi chimene nyanja idaphwa, anthu n'kumayenda pansi kupita ku Chisi. Nditaitambasula ndinaona kuti pamwamba pake palembedwa dzina la lamulo la 1923 lija. Kwa zaka zonsezi akhala akulisunga pepalalo ngati ndilo mzati wa banja lawo. Sindinawauze kuti mzati weniweni adali malemu achimwene awo, amene adalandira tambala pa chinkhoswe. Mwina akudziwa kale, chifukwa akamakamba za masiku ovuta a banja lawo amatchula achimwene awowo, osati abusa.

Nkhani ya mitala ndiyo idabala mipingo ina. Kumapeto kwa zaka za m'ma 1920 kumpoto kudayamba African National Church, imene Levi Mumba adali mmodzi mwa oithandiza, ndipo inkalandira amitala popanda kuwauza kuti athamangitse akazi awo. Mu 1942 Peter Nyambo adayamba mpingo umene anthu adautcha Tchalitchi cha Makolo. Mipingo yotere inkadzoza abusa ake ndi kudalitsa maukwati ake osapempha chilolezo ku mishoni. Abale athu achisilamu, omwe ndi ambiri kuno kunyanja, nawo ankamanga nikah pamaso pa shehe, ndipo boma linkaiwerengera m'gulu la maukwati a chikhalidwe. Lamulo la 1929 lokhudza maukwati a zipembedzo zina lidalembedwera amwenye okha. Choncho m'mudzi umodzi munkapezeka maukwati a mitundu ingapo, uliwonse ndi khoti lake ndi ufulu wake, ndipo mkazi ankadziwa mtundu wa ukwati wake tsiku limene zinthu zavuta.

Malamulo aakulu a dziko a 1994 adayamba kukonza chisokonezochi. Gawo 22 lidazindikira ukwati wa mwalamulo, wa chikhalidwe, ngakhalenso wa anthu amene akhalira limodzi nthawi yaitali mpaka anthu kuwadziwa ngati banja. Bungwe lounika malamulo lidatulutsa lipoti lake pa za maukwati mu 2006, koma aphungu adadzavomereza lamulo latsopano mu February 2015, lija la maukwati, kutha kwa banja ndi ubale wa m'banja. Lamuloli lidafafaniza la 1902, la 1923 ndi la 1929. Tsopano ukwati wa kwa DC, wa chikhalidwe ndi wa chipembedzo uli ndi mphamvu yofanana. Ntchito yolemba maukwati idapatsidwa kwa ma DC, mafumu aakulu ndi atsogoleri a zipembedzo, onse pansi pa mlembi wamkulu wa boma. Chidziwitso cha ukwati chimayenera kukhala poyera masiku 21 kuti wodziwa choletsa anene, zofanana ndi kulengeza kwa masabata atatu kumene mipingo yakale idazolowera. Mitala ndi yoletsedwa pa ukwati wa kwa DC. Msinkhu wokwatira ndi zaka 18, ndipo mu February 2017 aphungu adachotsa m'malamulo aakulu mpata umene unkalola makolo kukwatitsa mwana wa zaka 15.

Apa ndi pamene pali kusintha kwakukulu kumene ambiri sitidakuzindikire. Kuyambira 1923 m'busa wa kumudzi ankangodalitsa. Kuyambira 2015, akatenga cholembera amakhala akugwira ntchito ya boma. Satifiketi yake ikhoza kudzayankhula kukhoti pa nkhani ya ana, ya nyumba ndi ya chuma cha masiye.

Izi zachitika pa nthawi imene kukhala m'busa kwapepuka kuposa kale. M'busa wa CCAP amadutsa pa mpingo wake, pa presibitale ndi pa sinodi, n'kukaphunzira zaka zingapo ku sukulu ngati ya ubusa ya ku Zomba, imene idatsegulidwa mu 1977, kenako n'kuyesedwa pa mpingo asanamuike manja. Wansembe wa Katolika amatha zaka zochuluka kuposa pamenepo ku seminale. Koma chiyambire ufulu wa 1994 mipingo yaphuka ngati bowa, ndipo wina amagona ali wa kwaya n'kudzuka ali mtumwi. Si zathu zokha. Ku America kuli Universal Life Church, imene Kirby Hensley adalembetsa ku Modesto, California, mu 1962. Poyamba inkadzoza anthu pa kalata, lero imadzoza pa intaneti m'mphindi zochepa, osafunsa chimene munthu amakhulupirira, ndipo m'zigawo zambiri za dzikolo wodzozedwa motero amaloledwa kumanga ukwati wa mnzake. Matecheta adasankhidwa udikoni ali mnyamata, kolala n'kudzaivala atakula. Mnyamata wa lero angailandire pafoni ali pa kabaza.

Anzanga ena m'kalasi amati boma liike mlingo, aliyense wofuna kutchedwa m'busa akhale ndi digiri. Ine sindigwirizana nazo, ndipo chifukwa changa ndi mbiri yomweyi. Boma likatenga mphamvu yonena kuti uyu ndi m'busa weniweni, uyu ayi, timabwerera ku 1915. Timabwereranso ku 1967, pamene a Mboni za Yehova adaletsedwa m'dziko muno mpaka 1993, ambiri n'kuthawira ku Zambia ndi ku Mozambique. Kuitanidwa kwa munthu ndi nkhani ya iye, mpingo wake ndi Mulungu wake. Digiri siidaletsepo munthu kudya chakhumi cha amasiye.

Koma pa ukwati pokha ndimaima ndi amalume. Wofuna kulalikira alalikire, ngakhale pansi pa mtengo wa mango. Wofuna kulemba satifiketi ya ukwati ayankhe mafunso amene wogwira ntchito ya boma aliyense amayankha. Kodi waona chiphaso cha mtsikanayu n'kutsimikiza zaka zake? Kodi wafufuza ngati mwamunayu adasiya mkazi kwina? Kodi walengeza? Kodi buku limene walembamo lidzapezeka kuti mpingo wako ukadzagawikana, kapena iwe ukadzasamukira ku Johannesburg? Mfumu yaikulu Theresa Kachindamoto ya ku Dedza, imene idagwirapo ntchito ya ulembi kuno ku Zomba isanalowe ufumu mu 2003, idatchuka pothetsa maukwati a ana mazanamazana. Ukwati uliwonse mwa amenewo udali ndi wamkulu wina amene adauvomereza, kaya nkhoswe, kaya nyakwawa, kaya wachipembedzo.

Kwathu kunyanja mafunso amenewa si a m'buku. Asodzi amachokera ku Phalombe, ku Machinga, ngakhale kutsidya ku Mozambique, n'kukhala miyezi m'zimbowera pakati pa mabango. Nsomba zikagwidwa ndalama imayenda, ndipo maukwati amamangidwa msangamsanga. Madzi akaphwa, monga mu 1995 ndi mu 2018, amuna amanyamula maukonde kupita ku Malombe kapena ku Mangochi, ena osabweranso. Mkazi amene ali ndi ankhoswe amadziwa khomo lokagogoda. Amene ali ndi satifiketi yolembedwa m'kaundula amadziwa ofesi yokadandaula. Amene ali ndi chithunzi chokha cha tsiku la ukwati ayenera kukatsimikizira khoti kuti adalidi pabanja, ndipo pa ukwati wongokhalira limodzi lamulo limafuna zaka zosachepera zisanu. Mwamuna akamwalira pamadzi, lamulo la chuma cha masiye la 2011 limateteza mkazi ndi ana kwa olanda katundu, koma mkaziyo ayambe waonetsa kuti iye ndiye mkazi wake. Ndaonapo mayi wina wa m'mudzi mwathu akuyang'ana bwato ndi maukonde zikukwezedwa pa lole, iye atanyamula mwana kumbuyo ndi pepala la maluwamaluwa limene palibe ofesi idalidziwa.

Sabata ya mayeso itatha ndinapitanso kumudzi, ndipo tinapita kwa m'busa uja atatu: amalume, alamu anga ndi ine. Tinamupeza akusesa m'kalasi mmene amapempherera. Amalume anamupatsa moni wa ulemu, ngakhale mawu akuti "abusa" anatuluka movutikira ngati munga wa mlamba pakhosi.

"Abusa, ife tabwera ndi nkhani ya mwana wathu. Sitikufunsani za kudzozedwa kwanu, zimenezo mudziwana ndi Mwini wake. Tingofuna tidziwe, buku la maukwati muli nalo? Nanga mukalemba, boma limadziwa?"

Mnyamatayo anakhala kaye chete. Kenako anayankha mosabisa. Anati adaphunzira Baibulo miyezi itatu ndipo abusa aakulu a mpingo wawo adamuika manja, koma buku alibe, ndipo mapepala amene amapereka amasindikiza yekha pa kompyuta ku Jali. "Ine bambo ndimangodalitsa. Zinazo palibe adandiuzapo."

Ndinamulemekeza chifukwa cha yankho limenelo, ndipo ndikuganiza kuti amalume nawonso anatero, chifukwa pobwerera sananenenso za kutchaja mafoni. Ananena kuti mwanayo ndi woona mtima, koma amutuma kunkhondo opanda chishango.

Tinagwirizana zinthu zitatu. Chinkhoswe chichitike poyamba, ankhoswe a mbali zonse adziwane ndi kudziwa makomo. Kenako awiriwo akalembetse kwa DC ku Zomba. Pomaliza abusa adalitse m'tchalitchi chawo, ndi kwaya ndi zoimbira zonse zimene achemwali akufuna. Madzulo ake pakhonde ndinafotokoza kuti ukwati wa kwa DC suloleza mkazi wachiwiri, ndipo ukafuna kutha umathera kukhoti. Alamu anayang'ana pansi kanthawi ndithu. Achemwali anasiya kusankha mpunga, n'kumawayang'anitsitsa. Amalume sanathandize munthu, anangopitiriza kusenda nzimbe yawo.

"Palibe vuto, akulu," anatero alamu. "Tipita Lolemba."

Anapitadi. Chidziwitso chawo chinamatidwa pa bolodi, ndipo masiku 21 anatha popanda wobwera kudzaletsa. Anganga atamva kuti mdzukulu wawo adzakhala ndi pepala la boma, anatulutsa lawo la 1968 n'kundipatsa kuti ndikalikutire pulasitiki ku Zomba, chifukwa njenjete zayamba kulidya m'mbali. Kenako anafunsa amalume ngati tambala wa chinkhoswe wapezeka, poti amene analipo pakhomo adadyedwa pa Khirisimasi.